Chithunzi Chimene Sindinachione

Lolemba, 8 Julayi

Ine ndine wosoka makatani, zaka zanga ndi makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Kusukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaziphunzira nditakula kale, pofuna kulemba miyeso ya mawindo a anthu, ndiye ndimalemba ngati nkhono ikuwoloka msewu. Koma ndilemba ndithu, poti zili kukhosizi zikunditsamwa.

Mzime wanga ali m'chipinda cha kuseri kwa shopu. Anafika sabata yatha, dzanja lamanzere lili m'bandeji, mlomo wotupa. Akuti anaterereka m'bafa. Sindinamutsutse. Ndinangomuyang'ana mpaka analira yekha.

Mwamuna wake anabwera m'mawa mwake, tayi pakhosi, ulemu tho. Ndinamuuza kuti mwanayo sindinamuone chiyambire chaka. Anakhulupirira, poti akuganiza kuti nkhalamba yopemphera singaname. Anapita kukafunsa kwa achibale ena. Mulungu andikhululukire, koma ndikhoza kunamanso.

Lachiwiri, 9 Julayi

Makasitomala ambiri amandipezera ndi mwana wa mng'ono wanga, amene timamutcha Wamagalasi poti amavala magalasi. Ali ndi tsamba lake pa intaneti, iye amati bulogu, pamene amalemba za kukongoletsa m'nyumba. Lero anabwera kudzajambula makatani obiriwira amene ndasokera hotela ina. Za Mzime akudziwa, ndiye anamugulira mankhwala.

Ndinamuuza kuti asatulutse kanthu ndisanaone ndi maso angawa. Tinakhala pa benchi, iye akutsitsa tsambalo ndi chala, ine ndikufufuza chithunzi chilichonse ngati nsabwe m'mutu mwa mwana. Pa china panaoneka masilipasi a Mzime pansi pa tebulo. Anachichotsa pomwepo, akuseka kuti Amayi aakulu munaphonya ntchito, mukanakhala wofufuza milandu.

Mtima unakhala pansi. Ndinadya bwino.

Lachinayi, 11 Julayi



Mkazi wa wometa tsitsi, amene shopu yawo yagundizana ndi yanga, analowa foni ili m'manja, mano onse panja. Akuti Agogo mwatchuka, makatani anu afika m'gulu lathu la amayi. Anandionetsa. Chithunzi chachitali, mawu akuluakulu pamwamba, makatani pakati. Koma pakona pakuoneka galasi lija ndinapachika kuti ndiziona wolowa ndili pa makina. M'galasimo muli Mzime, akusita ndi dzanja limodzi, bandeji ili mbuu.

"Kodi uyu si mwana wanu? Bwanji osatiuza kuti wabwera?"

Ndinati n'chakale chimenecho. Iye anayang'ana makatani omwewo ali lende kumbuyo kwanga, n'kutseka pakamwa.

Atatuluka ndinaitana Mzime kuti anditsegulire tsambalo pa foni yanga, poti yake anaizimitsa tsiku limene anathawa. Tinatsitsa kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso. Chithunzicho palibe. Zonse ndi zomwe zija ndinaona Lachiwiri. Ndiye chachokera kuti? Chooneka umachichotsa. Nanga chosaoneka uchigwira pati?

Mzime sanadye. Anangofunsa ngati loko wa chitseko cha kuseri ndi wolimba.

Lachisanu, 12 Julayi

Wamagalasi anafika ndisanatsegule shopu, maso ali psuu. Ndinamuuza afotokoze pang'onopang'ono, ngati akuuza munthu wakhungu njira.

Akuti nkhani iliyonse imene walemba amaipangira chithunzi china chapadera, chachitali, chogawira anthu. Chikakhala pa tsamba chimaipitsa maonekedwe, ndiye amachibisa mkati, monga ine ndimapindira mkati msoko kuti kunja kuoneke bwino. Wowerenga sachiona. Koma wina akangotumiza linki ya nkhaniyo kwa mnzake, chimene chimatulukira pa foni ndi chomwecho. Anachipanga atafika kwawo, kuchokera pa zithunzi zotsala zimene sitinayang'ane limodzi.

"Ndimaona ngati mawu akhala bwino, Amayi aakulu. Galasi sindinaliyang'ane."

Ndinafuna kumukalipira, koma ukalipira bwanji munthu amene wadzimenya kale?

Anachichotsa ine ndikuona. Kenaka anatumiza linki ku foni yanga kuti tiyese. Chinatulukanso chomwechija, bandeji ndi zonse. Akuti mafoni amakumbukira, zimatenga nthawi kuti aiwale, ndipo zimene anthu anatumizirana kale sizingaitanidwe. Madzi akatayika sawoleka.

Potuluka anaima pakhomo, osandiyang'ana. Akuti pansi pa chithunzicho, pakati pa amene aikapo kamtima kosonyeza kuti achikonda, pali mchemwali wake wa mkamwini wanga.

Loweruka, 13 Julayi

Galimoto yotuwa inaima tsidya la msewu nthawi yaitali. Sanatsike munthu.

Lamulungu, 14 Julayi

Kutchalitchi sindinapite. Aliyense akadutsa pakhonde, mtima phaa. Mphaka anagwetsa chitini kuseri, Mzime anapezeka ali pansi pa bedi, mayi wamkulu ndithu, mwana amene ndinamuona akuvala chovala cha ukwati monyada. Tamukonzera malo kuseri kwa mipukutu ya nsalu, pakati pa nsalu ndi khoma. Akwanamo akapinda miyendo.

Masana wometa anabwera yekha, ngati akudzabwereka ulusi. Sanafunse kanthu. Anagogoda khoma limene tagawana, akuti njerwa zake n'zopyapyala, ndikayetsemula amamva. Ndikamufuna ndingomenya ndi sizasi. Ndinati mkazi wanu ali ndi pakamwa. Anati eya, koma ulendo uno wapatseka yekha, kwa nthawi yoyamba chimukwatirire.

Lolemba, 15 Julayi

Mkamwini wabwera.

Ndinamuona m'galasi asanagogode. Ndinatsokomola kawiri monga tinapanganira, n'kumva nsalu zikukhwekhwereza kuseri.

Anapereka moni wa manja awiri. Anafunsa za mawondo anga, za mng'ono wanga, ngakhale za mphaka. Anakhala pa mpando wa makasitomala, mwendo pamwamba pa unzake, n'kunena kuti akufuna makatani a kuchipinda chogona, obiriwira ngati aja anaona pa foni. Za mkazi wake sanatchule. Ndikanakonda akanakalipa.

Kenaka anadzuka n'kuima pa galasi. Anakonza tayi. Anasendera kumanja pang'ono, kumanzere pang'ono, mpaka anapeza malo pamene galasi limaonetsa chitseko cha kuchipinda. Anaima pomwepo, osagwedezeka.

"Galasi lanuli, Amayi, limaona patali."

Ndinati ndi lakale, limaonetsa ndi zimene kulibe zomwe. Anaseka chamumtima, n'kuyamba kuyenda cha ku chitsekocho, akusisita nsalu ndi chala ngati akusankha.

Ndinatenga sizasi n'kumenya khoma.

Wometa analowa lumo lili m'manja, thovu mpaka m'zigongono, kasitomala wake akusuzumira pakhomo mutu uli wometedwa theka. "Agogo, mphemvu zija zabweranso?" Anayang'ana mkamwini kuyambira nsapato mpaka tayi. "Chaka chino zanenepa."

Mkamwini anabwerera pakati pa shopu. Anati waiwala miyeso ya mawindo, abwera nayo Lachitatu, pamodzi ndi achimwene ake kuti adzamuthandize kunyamula. Anatsanzika mwaulemu womwewo.

Ndinakapeza Mzime atadziluma dzanja labwinolo kuti asalire mokweza. Mano anasiya zizindikiro.

Lachiwiri, 16 Julayi

Wamagalasi wayenda tsiku lonse. Wapeza amayi ena amene ali ndi nyumba yosungiramo akazi othawa nkhanza, ndipo amaperekeza munthu mpaka kukhoti. Mawa m'mawa galimoto ya kuhotela ikubwera kudzatenga makatani. Woyendetsa wake wavomera, akuti nayenso ali ndi mlongo.

Mzime amakana. Akuti sangandisiye ndekha ndi munthu ameneyo. Ndinamuuza kuti ine ndine fupa, galu amafuna pali nyama. Anaseka akulira. Ndinamuluka tsitsi, zala zanga zolimbazi, mizere yokhota, koma pomwe ndimamaliza anali atavomera kupita.

Mantha sanathe.

Lachitatu, 17 Julayi

Mzime wapita. Anagona pansi m'galimoto, tinamufunditsa makatani obiriwirawo, Wamagalasi n'kukhala kutsogolo ngati wokawapachika kuhotelako.

Tisanatseke chitseko anatulutsa mutu, n'kuyamba kundinong'oneza dera limene kuli nyumbayo. Ndinamutseka pakamwa ndi chikhato.

"Usandiuze. Chimene sindikudziwa sangandifinye nacho. Ngakhale chithunzi usanditumizire."

Anagwira dzanja langa pakamwa pakepo kanthawi, kenaka analisiya.

Ndasesa m'chipindamo, ndayanika bulangeti, mipukutu ya nsalu ndaigoneka pansi kuti khoma lioneke lonse. Chitseko ndatsegula, ndachitchinjiriza ndi simbi. Wometa watulutsa mpando wake pakhonde, akuti lero mkati mukutentha, ndipo amuna amene akudikira kumetedwa akhala pa benchi panja.

Galimoto yotuwa yaima. Atsika awiri.

Mpando wa makasitomala ndauika moyang'ana kuchipindako. Akhale pansi, aone bwino.