Kamera Yosalira

Lolemba, 7 Okutobala

Kutentha kuyambira m'mamawa. Ku boma pa minibasi, chikwama pamiyendo. A Twaibu, aja amaoda makamera kunja, andibwereka ina mwa zamakono zopanda galasi mkati. Mpaka Lachisanu la sabata ya mawa. Ndikaikonda, ndiwasiyire kamera yanga yakale, Nkhalamba, ndi malenzi ake awiri, ndiwonjezerepo kangachepe komwe ndinasunga. Zonse ziwiri sindingazithe.

Anaitembenuza Nkhalamba uku ndi uku ngati akugula nkhuku. Ati sensa yake ndi yaikulu, yabwinobe, koma shata, kaja kamalira ukadina, yatopa. "Wallahi chemwali, iyi idzakuferani pakati pa ukwati wa eni ake." Ndinaseka, koma zinandiwawa. Zaka naini ili pakhosi pangapa. Palibe mwamuna anakhalitsa choncho.

Yatsopanoyo kupepuka ngati mbale yapulasitiki. Ndaiika pa tebulo, Nkhalamba pabedi.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ku loji kwa a Elliot, amanijala. Maukwati onse a pamchenga mpaka Disembala akufuna kupatsa wojambula mmodzi. Koma azitha ndi vidiyo yomwe, ndipo pasakhale phokoso. Ati abusa anadandaula ulendo watha, pa malumbiro kamera yanga inkamveka ngati munthu akuthyola nkhuni. Nkhalamba vidiyo imayesa, koma imasochera, nkhope zimatuluka mbuu.

Ndinayesera yatsopano pa antchito. Anandanda pakhonde asanu ndi mmodzi, mano panja. Ndajambula khumi, iwo ali chiimire. Mpaka Memory wa kukhitchini: "Kodi mujambula liti a Triza, masaya atopa." Sanakhulupirire mpaka nditawaonetsa. Kuno kamera ikapanda kulira ndiye kuti sunajambule.

Imadzipezera yokha diso la munthu, ine changa n'kudina basi. Koma batire imadya ngati ili ndi njoka m'mimba. Awiri atha tsiku limodzi.

Chakudya: mbatata ya dzulo ndi tiyi. Ndekha, wailesi ikuyankhula.

Loweruka, 12 Okutobala

Chinkhoswe ku Khombedza. Ndinatenga yatsopano yokha. Ankhoswe a kuchimuna anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine: "Chachikulu chija mwagulitsa? Ife tinalipira cha chija."

Zithunzi zatuluka zoti sindinajambulepo. Amayi a mkwatibwi akupukuta msozi ndi nsonga ya chitenje, osadziwa kuti ndili pomwepo. Phewa silikuwawa ngati masiku onse.

Koma tsiku lonse palibe anandiitana. Ndi Nkhalamba, ikangoti khwaa, mitu imatembenuka, wina kundikoka mkono, ajambuli kunonso, ajambuli mwadya? Lero ndinali ngati mphepo. Mpunga unagawidwa, mbale sinandipeze. Ndinagula chimanga chootcha pa siteji.

Ndinene zoona pano poti palibe awerenge. Ndasungulumwa. Kuyambira Lolemba anthu amene andiyankhula kupitirira mawu atatu ndi a ntchito okhaokha.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kumudzi, ku Chinguluwe, kukaona ababa. Maso anasiya kuona zaka zitatu zapitazo, tsopano ndi mutu womwe ukutaya maina. Akuwasamala ndi alamu anga a Margret, Mulungu awadalitse, ine sindikanatha.

Ndinawapeza pampando pansi pa mtengo wa mango. Ndawapatsa moni. "Ndinu ayani?" Ndine Triza, ababa. "Triza ali ku Senga Bay, amajambula."

Si zachilendo. Chaka chino chonse amatero. Mankhwala ake ndimawadziwa: kutulutsa Nkhalamba, kudina kawiri. Akamva galasi lija likumenya mkati amawongoka, kukonza kolala, "Triza, wabwera ndi chiphokoso chako." Zikatero ndine mwana wawo mpaka madzulo.

Ndinapisa dzanja m'chikwama. Nkhalamba ndaisiya pabedi. Sindinaganizeko n'komwe, mutu wanga uli pa loji basi.

Ndinayatsa kaphokoso ka yatsopanoyo. Kamveka ngati kudina bolopeni. Iwo osawongoka n'komwe. Maola atatu ndakhala mlendo pakhomo pomwe ndinabadwira. "Margret, apatseni alendowa madzi." Amandiyankha mwaulemu, inu, inu. Bola akanandikalipira.

Ndinawajambula choncho osadziwa. Nkhope yopanda kukonzekera, manja pa ndodo, zikhato zija zinang'ambika ndi madzi a m'munda wa mpunga. Chithunzi chabwino kuposa zonse ndinawajambulapo. Sindikufuna kuchiona.

Ndi omwewa ankati mwana wamkazi sayendayenda ndi chikamera m'maukwati a anthu, wako ukwati udzachitika liti. Lero chikameracho ndiye dzina langa.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Nzeru yabwera ndikuchapa. Ndatepa kulira kwa Nkhalamba pa foni, ndatumizira a Margret kuti awayesere ababa. Ndinadziona wochenjera mpaka masana.

Yankho lawo: aliza kanayi pafupi ndi khutu. Ababa ati zimitsani wailesiyo.

Ndaimbira a Twaibu ngati angalole ndiwapatse malenzi okha, Nkhalamba itsale. Ayi. Pali kale wina wa ku Dedza akuifuna yonse pamodzi. Sanandikanize mwankhaza, malonda ndi malonda.

Lachinayi, 17 Okutobala

A Elliot aimba. Yankho mawa, apo ayi apatsa wina wa ku Lilongwe amene ali ndi zida kale. Ntchito imeneyi ndi lendi ya miyezi ingapo, ndi mankhwala a ababa omwe.

Ndinaimbira achimwene a Davie, amuna a Margret, ali ku Joni. "Kamera ndi kamera, mlongo, ababa mawa adzaiwalanso ndi phokosolo." Mwina akunena zoona. Iwo sanakhalepo mlendo pansi pa mango paja.

Zonse ziwiri zili pabedi. Ndapukuta Nkhalamba, mphira wake wamatuka pomwe pamagwira chala changa chachikulu. Ndaiika m'chikwama ndi malenzi ake. Ndaganiza: ndikaipereka. Munthu sadya phokoso.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndinafika pa boma naini koloko. Pa shopu ya a Twaibu ndinangodutsa, miyendo yokha. Ndinati Nkhalamba ikatsanzike kaye kwa ababa. Kabaza mpaka kumudzi.

Pampando pomwe paja. Sindinapereke moni. Ndinangodina kawiri.

Kuwongoka, dzanja pa kolala. "Triza. Wasowa bwanji mwana iwe." Kenako anandiuza kuti Lamulungu kunabwera mlendo wina wamkazi, anangokhala duu osanena chimene wadzera, amvekere anamumvera chisoni, akuoneka alibe anthu ake.

Anapempha kuigwira. Sanapemphepo chiyambire. Ndinawaika chala pa batani, anadina okha, anajambula denga la khola. Anadinanso, khutu pafupi.

"Ikulira motopa iyi. Ugule ina mwanangu, ntchito isaime."

Ndinati chabwino ababa. A Margret analowa m'nyumba msanga, sanafune ndiwaone nkhope.

Panopa ndili pa benchi moyang'anana ndi shopu. Yotseka, a Twaibu apita ku mzikiti, atsegula ikakwana thuu koloko. Foni yalira kawiri, a Elliot. Sindinayankhe.

Ndatulutsa khadi langa la zithunzi mu yatsopano ija. Ndaipukuta bwinobwino, ndaibwezera m'bokosi lake, mabatire onse awiri ndi chaja. Nkhalamba ili pakhosi, kulemera kwake komwe kuja.

Lamulungu ndipitanso. Ikadzafa idzafere pansi pa mango paja.

A Elliot akuimbanso. Ndiyambe ndi mawu oti chiyani kaya