Dzina Limene Silinamveke Lachisanu

Lolemba, 2 Juni

A Pulinsipolo atsopanowa, aP, anandiitana m'mawa. Ndinalowa ndikuganiza kuti ndalakwitsa ndondomeko ya mayeso. Ayi. Akufuna kuti Lachisanu tikhale ndi mwambo woyamikirana, tonse ogwira ntchito pa koleji pano, kuyambira aphunzitsi mpaka alonda. Aliyense aimirire anene zabwino za mnzake mmodzi. Wokonza kuti uyu anene za uyu ndine. Akuti, "Inu mumasamala zinthu." Ndinati zikomo.

Pa tiyi ndinauza anzanga. Kenako adalaivala, uku akutakasa shuga: "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Anthu anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

AP ndi mayi achilendo, za pano sakuzidziwa. Nthawi ya a Pulinsipolo akale, ukangoitanidwa kutsogolo, nkukuombera m'manja, nkukupatsa wotchi ya pakhoma, teremu yotsatira ntchito yatha. Zinatero ndi akalipentala. Zinatero ndi amayi otayipa. Ndipo tonse tamva kuti a bodi yoyang'anira kolejiyi akufuna kuchepetsa antchito chaka chino.

Lachiwiri, 3 Juni

Maganizo onse ali pa Alamu, amayi a ku laibulale. Si alamu anga enieni. Anayamba kunditchula choncho pamene mkazi wanga anagonekedwa m'chipatala ndi mimba ya mwana wathu wachiwiri, iwo nkumakamudikirira ine nditapanikizika ndi mayeso. Nanenso ndinangotengera. Amuna awo anafa ziwalo mbali imodzi. Nyumba yonse yatsamira pa ntchito imeneyi.

Mlembi wa aP wandinong'oneza pa khonde kuti mawu oti laibulale akumveka pafupipafupi mu ofesimo. Zambiri sanamve, chitseko chinali chotseka.

Choipa nchakuti aliyense akufuna kuyamikira Alamu. Mphunzitsi wa mbiri yakale wabwera yekha: "Achimwene, amayi a mabuku aja mundisungire ine." Akuti ali nazo zambiri. Mmene amasokera mabuku ong'ambika ndi singano yochokera kwawo. Mmene amadziwira mwana amene sanadye pongoona mmene akutsegulira tsamba. Akanena zimenezo holo yonse iomba m'manja, ndiye kuti tawapereka tokha.

Mapiritsi anga a m'mimba atha.

Lachitatu, 4 Juni

Mkazi wanga akuti, "Bambo a ana, inu mumaona maliro pa ukwati." Mwina. Koma wotchi ya akalipentala ndinainyamula ndine popita nayo kutsogolo.

Lachinayi, 5 Juni

Ndachita.

Wa mbiri ndinamukokera kuseri kwa holo. Ndinati, ngati mumawakonda amayi a mabukuwa, musawatchule. "Ndiye ndiyamike ndani?" Ndamupatsa alonda a pageti, amene akupuma okha ntchito kumapeto kwa chaka. Awo palibe chowaopsa.

Kenako ku laibulale. Ndawapempha Alamu kuti mawa asatseke, ana ali pa mayeso, mwambo uchitike iwo kulibe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Alamu, tsiku lokhalo loti nane ndikhale pa mpando wofewa, mukundimana? Diresi ndasita kale."

Ndinati ndi chifukwa cha ana.

"Inu ndi ana anuwo. Chabwino, mundisungire bisiketi, osati zophwanyika za pansi pa mbale."

Iwo akuseka, ine ndinatuluka. Koma bola akwiye ali pa ntchito.

Lachisanu, 6 Juni

Zayenda bwino. Mipando inakwanira, maikolofoni sinalire. Poyamba anthu amayankhula ngati akupereka umboni kukhoti, kenako anamasuka. Adalaivala anayamikira amayi okolopa m'makalasi mpaka mayiwo anabisa nkhope. Wophika anati za ine: "Bambo awa akakiya chitseko amabwerera kukachigwedeza, nchifukwa chake mayeso sabedwa pano." Anthu kuseka. Wotchi panalibe. Ndinasuzumira ngakhale pansi pa tebulo la aP.

Chimene sindinachiyembekezere: pa mzere wakutsogolo panali alendo a masuti, akumvetsera mwachidwi. Pothera aP anati ndi a bodi. Ine sanandiuze kuti abwera. Mipando yawo anaika ndani?

Dzina la Alamu silinamveke. Bisiketi ndinawapititsira. Diresi lija anavalabe.

Loweruka, 7 Juni

Mutu. Tsiku lonse alendo aja m'maganizo.

Lolemba, 9 Juni

AP anandiuza kuti nditseke chitseko. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Bambo, laibulale inasowa bwanji Lachisanu?"

Akuti mwambo wonse uja anaukonzera anthu amene ntchito zawo zili pa ngozi. A bodi amangodziwa maina a maudindo, anthu ake sawadziwa, ndiye iwo amafuna kuti amve ndi makutu awo zimene aliyense amachita pano. Amayi okolopa apulumuka chifukwa cha mawu a adalaivala. Koma za laibulale wapampando anati: khamu lonse lija, palibe ndi mmodzi yemwe anaikumbukira, ndiye inu mukuti singayende popanda mayiyo? Aiphatikiza ndi chipinda cha makompyuta. Alamu amaliza teremu ino.

Ndinafotokoza za mawotchi, za akalipentala, za wa mbiri, zonse. AP anagwira pachipumi.

"Bwanji simunandifunse?"

Munthu umawafunsa bwanji abwana kuti kodi mukufuna kuchotsa ndani?

Ndapempha kuti ndikaonane ndi a bodi ndekha, ndikawauze kuti wolakwa ndine. Akuti aimba foni, koma ndisaike mtima.

Lachiwiri, 10 Juni

Wa mbiri sakuyankha moni wanga. Pa tiyi wasuntha mpando. Adalaivala lero alibe mwambi.

Ndazungulira ku bwalo la mpira kuti ndisadutse pa laibulale, nsapato zonse matope. Mkazi wanga sanandinene. Wangoti, "Alamu amve kwa inu, osati pa khonde."

Lachitatu, 11 Juni

A bodi akana.

Lachinayi, 12 Juni

Ndapita ku laibulale. Ana anadzaza, mawa ali ndi pepala la masamu. Alamu anali ndi bambo wa makompyuta, akuwaonetsa mmene mabuku amabwererera m'mashelefu. Za kutha kwa ntchito aP anawauza Alamu dzulo. Atandiona anauza bamboyo kuti akayambe wapuma.

Ndinanena zonse monong'ona, nditaima ngati mwana wolakwa. Kuti zoti asatseke Lachisanu zinali nzeru zanga. Kuti wa mbiri ndinamuletsa ndine. Kuti ndimayesa ndikuwabisa.

Sanasiye kudinda mabuku.

"Ine ndimati anthu anangondiiwala," anatero. "Ndagona nazo zimenezo kuyambira Lachisanu. Zaka zonsezi, ndiye osapezeka ndi mmodzi yemwe. Bambo kunyumba anandifunsa kuti anena zotani za iwe, ine nkupeka." Anadinda lina. "Kaya chabwino nchiti, kuiwalidwa kapena kubisidwa."

Ndinati pepani, Alamu.

"Bambo a mayeso," anatero, "kaitaneni wa mbiri uja. Zimene anakonza zija ndikufuna ndizimve. Ndi zanga."

Ndinamupeza m'kalasi. Sanafunse kawiri, anangosiya choko nkunditsogolera. Anakaima pakati pa matebulo, manja oyera ndi fumbi, akukonza kukhosi. Alamu anatseka inki, anavula magalasi, napinda manja pa desiki. Ana anayamba kudzutsa mitu mmodzimmodzi.

Ndinakoka mpando kuti ndikhale.

"Inu pitani," anatero osandiyang'ana. "Muli ndi mayeso."

Ndinatuluka nkukaima pa khonde. Pa galasi la chitseko ndimaona pakamwa pa wa mbiri pakuyenda, ana atasiya zolembera, Alamu akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Mawu sindimawamva.