Kamtengo ka Munthu wa ku Mekisiko

Lachitatu, Ogasiti 1957. Chiperoni tsiku lonse.

Anandiuza ndi a Muhiwa, akhuki a bwana wa kutiyi. Akuti ku Mekisiko kuli munthu wopeka nyimbo, anayambira pa limba ali mwana. Lero amayendetsa khamu la oyimba ndi kamtengo chabe, ng'oma osaikhudza.

Ine zala zauma, ng'oma ya tchopa ikundikana, ndipo anzanga akufuna mtsogoleri wina. Ndiye dzulo ndinasema kamtengo kanga. Nditangokakweza pamaso pa anzangawo kubwalo la gule, ng'oma zonse zii!

"Akulu, mwasanduka kapitawo kodi?" anatero a Nampuluma, mlamu wanga. "Ife ndodo timaionera kumunda wa tiyi."

Anaseka, nanenso ndinaseka.

Lero m'mawa abwera awiri mwa anzanga aja, apereka moni mwaulemu, anyamula ng'oma yaikulu yomwe ndinkaimba ija, apita nayo. Pakona pomwe inkakhala sindinasesepo.