Mbatata Yofiira ya Amayi Yabereka Kuphiri

Ku Phiri la Zomba,
23 Disembala.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga wochokera kuphiri kuno. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga bondo lija likukulolani kufika kudimba? Ife tili bwino, kupatula chimfine chimene chatiyesa abale ake. Kuno kumazizira ngakhale mu Disembala, moti ine mwana wa ku Ngabu ndimayenda ndi juzi masana, anthu n'kumandiseka. Apongozi anu a Cuthbert akadali pantchito yawo yobzala mitengo ya paini.

Achimwene a Alufandika anandiuza pafoni kuti dzuwa lapsereza mbewu yonse ya mbatata kudimba, ndi yofiira ija yomwe, imene munachoka nayo kwanu pokwatiwa. Akuti mwayenda midzi itatu kuifunafuna osaipeza, ndipo munalira. Zinandiwawa kwambiri, koma zimene ndikulemba panozi zinandikanika kutuluka pakamwa tsiku limenelo.

Kalatayi akupatsirani a Latif, oyendetsa lole ya matabwa yopita ku Nchalo, amene alonjeza kufika mpaka ku Ngabu. Akupatsaninso poto womangidwa m'chitenje ndi thumba lonyowa. Muyambe mwatsegula poto.

Chili m'menemo ndi chakudya chanu cha Khrisimasi. Anandiphunzitsa ndi a Safina, oyandikana nawo nyumba, amene amaphikira alendo kuno. Iwo amachitcha payi, ine ndimangoti chigumu cha mbatata chovala bwino. Mbatata timaiwiritsa, kuisenda, kenako kuitakasa ndi mthiko mpaka isalale, n'kuthiramo mazira, mkaka, majarini ndi shuga pang'ono. Pansi pa poto timayalapo fulawa yokanda, ndiye makala pansi, makala ena pachivundikiro. Choyamba chinapserera kunsi mpaka a Cuthbert anati azikamata kunsi kwa nsapato zawo zakuntchito. Chachiwiri ndi chimene mwalandirachi. Musachisunge, kwanuko n'kotentha.

Mukachidula muone chikasu chake. Mukalawa muidziwa nokha mbatatayo, pakuti ndi yanu.

Amayi, mbewu ija inadulidwa kudimba kwanu zaka ziwiri zapitazo ndinadula ndine. Mukukumbukira kuti ndinakupemphani pamene ndinkasamukira kuno, inu n'kukana. Munati mbewu ikatuluka pakhomo mwini wake asanabzale imapita ndi zokolola zake. Ine ndinakwiya. Tsiku limene munapita kuchigayo ndinatsetserekera kudimba ndi mpeni, ndinadula nthambi zodzaza manja, n'kuzibisa pansi pa zovala m'chikwama.

Patapita sabata ndinamva kuti mlandu wagwera mlamu wanga Rute, chifukwa anthu anamuona akutunga madzi kufupi ndi dimba tsiku lomwelo. Ndinamvanso kuti munamunena wakuba pamaso pa ana ake, ndipo kuchokera pamenepo saponda pakhomo panu. Ine sindinaulule. Ndinkadzinamiza kuti nkhaniyo izizira yokha, chikhalirecho ndinkangoopa pakamwa panu.

Mbewuyo ndinaibzala m'mbali mwa kamtsinje kuseri kwa nyumba, pamene sipauma chaka chonse. Anyani akuno ndi mbava zenizeni, amafukula ndikuwaona, komabe yapulumuka ndipo tsopano ndili ndi mizere khumi ndi iwiri.

Dzana tikuphika, a Safina analawa n'kunena kuti mbatata yotere sanaionepo, ngakhale pamsika wa Songani. Anandipempha mbewu. Amayi, ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu anu omwe aja, akuti mbewu situluka pakhomo! Ndinadziseka ndekha, kenako ndinawafotokozera mmene ndinaipezera, ndikuganiza kuti tisekera limodzi. Iwo sanaseke. Anangondifunsa kuti nanga mlamu wangayo Khrisimasi ziwiri zonsezi wadyera kuti. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

M'thumba lonyowalo muli mbewu yokwana mizere isanu. Ndaidula m'mawa uno ndipo ndaikulunga m'masamba a nthochi. Muiike pamthunzi, muziiwaza madzi, mubzale mvula ikangogwa. Ikakanika musadandaule, kuno yatsala yambiri. Musandikalipire, koma a Safina ndawapatsako, ndipo iwo akuti agawirako achemwali awo ku Matawale. Ikadzauma kwina, tidzakhala ndi kokaipempha.

Pempho langa ndi limodzi basi. Ine mundikwiyire mmene mungafunire, ndikuyenera. Koma chigumuchi musachidule nokha. Mutume achimwene akamuitane Rute, abwere ndi ana ake, ndipo kalatayi iwerengedwe mokweza onse ali pomwepo, monga momwe anamvera mawu aja onse ali pomwepo. Chidutswa choyamba chikhale chake. Pambewupo mumupatseko mzere umodzi inu musanabzale. Ndikudziwa kuti ndapempha chinthu cholemera, komanso ndikukudziwani, Amayi. Mumakalipa ngati mvula yamabingu, koma simunagonekepo munthu ndi njala. Mtima wanga ukundiuza kuti mumuitana.

Mundiperekere moni kwa achimwene, kwa azakhali a kutsidya, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa adzukulu anu onse. A Cuthbert akuti muchire bondolo msanga.

Kwa Rute yekha sindikupereka moni wa papepala. Ndikubwera pa Nyuwere, ndipo ndikatsika basi ndidzayambira pakhomo pake ndisanafike kwa inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dyna.