Phiri limene ndinasiyira Yotamu

Amayi anga, mwadzuka bwanji kumene muliko? Miyendo ija inaleka kutupa? Ndine Wedisoni, mwana wanu woyamba, wokongola uja, ngati mwayamba kutisokoneza.

Kuno tili moyo. Chimanga chachikasu chija munkadana nacho chaka cha chilala tinachiiwala. Chaka chino ndakolola choyera, chochuluka mpaka nkhokwe ikubuula ngati nkhalamba. Mkazi wanga, amake Tisa, anabereka mwana wamkazi mu Epulo, tamutcha dzina lanu. Akalira mwanayo, agalu a ku Chalimbana amayankha. Mbuzi yanu yamawanga inaswa tiana tiwiri, kamodzi fisi anatenga. Denga la tchalitchi likudonthabe pamalo pomwe munkakhala paja, ndipo palibe amene walimba mtima kukhalapo.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa bolopeni. Khalani pansi.

Titakuikani m'manda, patapita mwezi, amalume anatiitana ine ndi mng'ono wanga Yotamu kuti atigawire malo anu. Inu simunaone, ndiye ndikuuzeni. Mbali imodzi kunali munda wa pansi ndi dimba la kumtsinje, mbali ina phiri lija la miyala la kufupi ndi msewu waukulu, lomwe munkatolako bowa ndi masuku. Amalume anati wamkulu ayambe kusankha. Ine sindinadikire kuti amalize kulankhula, ndinatenga munda ndi mtsinje womwe. Kenaka ndinamuuza Yotamu pamaso pa anthu kuti, "Mwana, tenga phiri, uziweta anyani." Anthu anaseka mpaka azakhali anatsamwa. Yotamu mukumudziwa, mawu ake amatuluka kamodzi pa sabata. Anangoti, "Zikomo, ba Wedi."

Zaka ziwiri zapitazo kunayamba kudutsa azungu a ku Joni pa msewu wopita ku Chipata. Amayi, motoka zawo simunazionepo. M'kati muli bedi, sitovu, firiji, makatani pawindo, ngakhale chimbudzi. Nyumba yathunthu yoyenda pa matayala! Ena tenti yawo ili pamwamba pa motoka, amakwerako ndi makwerero ngati nkhuku zopita kokagona. Tsiku lina motoka imodzi inatentha injini pansi pa phiri la Yotamu. Iye anawatungira madzi, n'kuwalola kugona pansi pa mitengo ya mombo. Basi, nzeru yake yonse ndi imeneyo. Iwo anakauza anzawo, anzawo anakauza anzawo. Lero pamsewu pali chikwangwani, paphiri pali chimbudzi chokumba, mgolo wa madzi osamba woikidwa pa mphanda ya mtengo, ndi miyala yosonkhapo moto. Loweruka lililonse matenti amamera paphiripo. Ngakhale mabwana a mu Lusaka, anthu akuda ngati ine, ayamba kubwera ndi akazi awo kudzagona pansi, kwawo atasiya matilesi.

Nanga amachitako chiyani? Palibe! Amakhala pa mipando yopinda, kuyang'ana mbalame ndi magalasi oonera patali. Mbalame zomwe zija tinkalasa ndi legeni. Koma Yotamu wagula njinga yatsopano, wafolera malata, mkazi wake amavala nsapato popita kotunga madzi. Ku boma anthu akumutchula "ba Yotamu a kampu". Ine akuti "mkulu wawo wa ba Yotamu". Ine, amayi! Amene ndinkamupukuta mamina! Belu la njinga yake likalira podutsa pakhomo panga, ndimatembenuza mpando kuyang'ana kukhoma. Ndikudziwa zimene mukanandiuza, zomwe zija munkanena tikamadya: "Wedi, leka kuwerenga nyemba za mng'ono wako, zako zikuzizira." Koma nyemba zake zachuluka, amayi, munthu sungalephere kuziona.

Ndiye ndinati nanenso nditsegule kampu yanga, yoposa yake. Ine ndili ndi mtsinje, iye ali ndi mgolo. Ndiponso ndinaona pamene iye akulakwitsa. Alendo ake amawagoneka pa masamba, m'tchire, momwe muli njoka. Inu simunatilere choncho. M'mawa uliwonse munkakuwa kuti, "Wedi, sesa pakhomo, alendo angatiyese nyama zakutchire!" Ndinati azunguwa aone ulemu wa mwana woleredwa. Ndinagwetsa mitengo yonse ya m'mbali mwa mtsinje, ndi mikuyu yanu iwiri yomwe, n'kuwotcha makala. Ndinalambula udzu, ndinazula zitsa, amake Tisa anasesa mpaka pansi panawala ngati dazi la a katekisiti. Miyala ndinaipaka laimu n'kuindandalika ngati pa ofesi ya boma. Malo anayera, ukaima pakati umatha kuona nyerere ikuyenda ku Kanakantapa.

Kenaka ndinakaima pamsewu masiku atatu. Tsiku lachitatu ndinaimitsa motoka ya nyumba, muli mzungu wamimba ndi mkazi wake wowonda. Chizungu changa cha giredi faifi chinatuluka tsiku limenelo, aphunzitsi akanamva akanandipempha kuti ndiwaphunzitse. Ndinakwera kutsogolo kuwalozera njira. Pofika, kwaya ya amayi a mpingo inali itafola, ana a mudzi wonse ali pomwepo, wailesi ya mabatire atsopano ikulira. Tambala anali atagwidwa kale. Ndinawauza kuti kwa Wedisoni sagona panja ngati amasiye. Ine ndi banja tisamukira kukhitchini, iwo atenge bedi lathu.

Anatsika. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Mzungu anayang'ana uku ndi uku, nkhope ikufiira ngati matimati. Mkazi wake anafunsa mwaulemu kuti mitengo ili kuti. Ine ndinatukula chifuwa, n'kuloza masaka a makala ndinasanja pambali. "Ndi iyo, dona. Yonse ndachotsa chifukwa cha inu." Mayiyo anagwira pakamwa ngati ndamuuza uthenga wa maliro. Anamvera nyimbo imodzi, anaomba m'manja, anagwirana chanza ndi ana, n'kukwera motoka. Fumbi la malo anga osesedwa bwino linawaperekeza mpaka kuphiri kwa Yotamu. Tambala tinadya tokha. Amake Tisa anaseka masiku awiri, ngakhale anasesa nawo. Mvula itabwera, mtsinje unadya mbali ya dimba pomwe panali mikuyu.

Pamenepo mtima unaipa. Titamaliza kukolola ndinapita kwa amalume kukadandaula kuti kugawa kuja sikunayende bwino, phiri liyenera kukhala la mwana woyamba. Iwo anaitanitsa msonkhano wa banja. Ine ndinkadalira inu, kuti mupita kwa mlongo wanuyo kutulo mukamuuze kuti phiri ndi la Wedi. Sabata yonse m'mawa ndinkapita kukawafunsa, "Ba malume, simunalote kanthu?" Iwo amvekere, "Nalota ng'ombe." Simunapite, amayi. Ngakhale kumeneko mukukonderabe kamwana kanu komaliza, monga munkakapatsira chiwindi cha nkhuku ine n'kulandira khosi.

Pamsonkhano amalume anafunsa funso limodzi lokha, kuti anayamba kusankha ndani. Azakhali anaimirira n'kubwereza mawu anga onse a tsiku lija, kutengera ngakhale kaimidwe kanga. Mlandu unathera pomwepo. Phiri lapita, ndipo ndinaona kuti mng'ono wanganso ndamutaya, pakuti ndani angapatsenso moni munthu amene amafuna kumulanda malo?

Koma Yotamu anadzuka, akupotokola chipewa m'manja. "Ba Wedi, alendo bafuna munthu wobayendetsa mu phiri. Bafunsa maina ya mitengo, bafunsa nkhani zakudala za makolo. Ine nilibe pakamwa. Imwe muli napo." Anthu anaseka. Ine ndinakana, ndinati sindilembedwa ntchito ndi mwana. Kukoma mtima kwakeko kunandipweteka kuposa njinga.

Lolemba ndinapitako, kungokaona ngati zinthu akuyendetsa bwino. Ndinapeza nkhalamba ziwiri zachizungu zikumanga zingwe za nsapato. Ndinazikweza mpaka pamwamba, pomwe mapiri amaoneka atatsatana kulowera ku Zambezi. Ndinazionetsa msuku, mombo, muwanga, dzenje la nungu, ndi phanga lomwe ndinalimbana ndi kambuku ndi manja anga awa. Inu mukudziwa kuti anali mphaka wa azakhali, koma musaulule. Phangalo analijambula kasanu. Pano ndapitako masabata asanu ndi limodzi osajomba.

Nsanje siinathe, ndisakunamizeni. Ndikaima pamwamba paja ndimaona kampu yanga pansi, yoyera ngati chipsera, ndipo ndikatsika Yotamu ndiye amandiuza nthawi yobwera mawa. Zimandiwawa. Koma ndikukulonjezani kuti nkhani ya phiri sindidzaidzutsanso, ndipo nkhwangwa yanga siidzakwera kumeneko.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha. Mukawaona atate, musawauze kuti ndikugwira ntchito kwa Yotamu. Muwauze kuti ndine manijala.

Ndine mwana wanu wokukondani kuposa winayo,
Wedisoni