Dontho Lofiira Latera pa Lilongwe

Lachinayi, Malichi 2020

Lero mtima wanga sunakhale m'malo. Tiyamike, mwana wanga wa kukoleji, wandionetsa mapu pa kompyuta yake. Mizere inali njira za ndege, madontho ofiira anali mizinda yomwe matenda atsopanowa afika. Atadina batani, madontho anayamba kulumpha motsata mizere, mpaka limodzi linatera pa Lilongwe.

Ndinati, "Koma kumene ayambirako ndi kutali, eti?"

"Amayi, masamu olosera a mapuwa sawerenga mtunda, amawerenga okwera ndege. Ife a ku Chitukula tili pakhomo penipeni pa bwalo la ndege."

Bambo ake amanyamula zikwama za alendo kubwalo la ndege. Anamvetsera, kenako anandipempha ndiwasitire yunifolomu ya mawa. Ndasita. Koma mawa akaweruka, kaya ana athu aang'ono ndiwalole kuthamangira bambo awo monga mwa masiku onse, kaya...