Oyilo wa Njinga ya a Sharifu

Lolemba, 14 Okutobala 2024

Masiku makumi awiri ndi asanu kuti eda ithe. Miyezi itatu ndi theka osaponda kunja kwa mpanda. Lamulo la wamasiye ndi limenelo: ukhale m'nyumba ya mwamuna wako miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola, osayenda. Ndakhala. Ming'alu ya m'khoma ndailoweza yonse.

Kutentha koopsa. Malata akuchita kulira.

Alamu a Mohamedi anabwera dzulo, anaima pakhonde osalowa. Nkhani ndi yomweija, njinga yamoto ya a Sharifu. Akuti eda ikatha banja likhala pansi. "Ikapezeka ili bwino ndi gawo lanu, mupeze wa kabaza azikuyendetserani, muzidya pomwepo. Ikangokhala n'kumaola, tigulitsa, inu mubwerere kwanu ku Makanjira." Kenako kaphwete: "Komanso alamu, mkazi ndi injini wapi ndi wapi?"

Ndinangoti chabwino. Koma mumtima munali moto.

Mwana ndilibe. Munda ndilibe. Nyumba ya lendi. Popanda njingayi palibe chondikhazika ku Nkhotakota kuno, ndipo kwathuko kulibe wondidikira. Amayi anapita kalekale, pamalo pathu pakukhala ena.

Njingayo imagona pabalaza. Ndimailiza Lachitatu ndi Loweruka kuti isaume, monga ankachitira eni ake mvula ikawatsekera m'nyumba. Lero ndatsegula poyezera oyilo. Wakuda bii, ndipo watsika. A Sharifu ankasintha mwezi ndi mwezi. Uyu ndi wa mu Juni, matenda asanawagwetse.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kufunsa makaniko ayi. Lero kufunsa, mawa alamu amva, n'kumati tinanena. Kutuma Aziza ndiye kulengeza pa wailesi. Mkazi wa a Mohamedi ameneyo. Amabwera ndi ndiwo kawiri pa sabata, moni wapakhomo, maso ali mkati kuwerenga mipando, basi wapita.

Ndiye foni. Ya a Sharifu, yosweka galasi pakona. Muli magulu a WhatsApp ambirimbiri, a kabaza, a mpira, a kumzikiti. Palibe anachotsamo nambala yawo. Anthu akungotumizirana zoseketsa ngati munthu sanafe.

Gulu lina ndi la ogulitsa zipangizo ku Lilongwe. Mtsikana wina, Atikonda, waika zithunzi za oyilo wotsitsidwa mtengo pafupifupi theka. Akuti paipi inaphulika m'sitolo mwawo, makatoni ananyowa, mapepala a pamabotolo anamatuka. Oyiloyo alibe vuto, zitsekero zosatsegula. Amatumiza pa minibasi.

Ndinalemba. Anayankha nthawi yomweyo: "Mukufuna uti amayi? Tili ndi 2T, tili ndi 4T, 20W-50, 10W-40." Zaka zisanu ndikuwagwirira beseni a Sharifu akamakhetsa oyilo, osawerengapo botolo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinkangoyang'ana msana wawo.

Ndinati ndikuuzani mawa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndasanthula nyumba yonse. Pansi pa bedi, pamwamba pa kabati, m'chidebe cha misomali. Pomaliza m'thumba lakale la masipanala, pansi penipeni, botolo lopanda kanthu. Pepala lake lakuda ndi zala zawo. Chowerengeka ndi 2T basi.

Ndinakhala nalo pansi nthawi yaitali. Chala chachikulu chikuoneka bwinobwino, mizere yake yonse. Ndalira, inde. Kulirira botolo, mayi wamkulu ngati ine.

Ndipo n'zomveka. Njinga ili ndi matayala awiri, 2T. Galimoto anayi, 4T. Sukulu ndinalekera Fomu 2 koma mutu ulipo.

Ndajambula botololo, ndatumiza. Atikonda akuti, "Oo, ku Nkhotakota? Ameneyo ndiye amapita kwambiri kumeneko." Mtima pansi. Ndatenga mabotolo awiri, poti mtengo wotere subwera kawiri. Ndalama ndatumiza pafoni. Sopo adikire kaye.

Tinacheza pang'ono. Anafunsa ngati chambo chatsika mtengo kuno. Ndinati nyanja sindinaione chiyambire Juni, chonsecho ili apa, mafunde akakula ndimawamva ndili kukhitchini. Ndinamuuza chifukwa chake. Anati pepani amayi, Mulungu akutonthozeni. Munthu wosandidziwa, wa ku tchalitchi mwinanso. Uthengawo ndauwerenga kangapo.

Loweruka, 19 Okutobala

Katundu sanafike. Kondakitala foni osayankha. Ndaberedwa kodi? Ndinamvapo za anthu olandira njerwa m'katoni. Ndinalembera Atikonda mawu olemera, ndinafufuta ndisanatumize. Ndikamukwiyitsa ndizilankhula ndi ndani?

Njinga sindinailize. Ndaopa oyilo wakudayo.

Zotuluka pakamwa panga tsiku lonse: mapemphero a swala kasanu, ndi "choka" kwa nkhuku ya eni nyumba.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Wafika! Minibasi inali itafera ku Benga masiku awiri. Mayi Nester, oyandikana nawo, aja ogulitsa mandasi pa siteji, anandilandirira n'kundipatsira pamwamba pa mpanda. "Mwayamba geni ya mafuta ophikira?" Ndinati eya, mukayesere mandasi anu. Tinaseka. Kuseka kwanga kunamveka kwachilendo, ngati chitseko chosatsegulidwa kale.

Ndakankhira njinga kuseri, pamthunzi wa mango. Kulemera kwake, mayo ine. Kuiliza kaye kuti oyilo atenthe, monga ankachitira. Beseni pansi. Bawuti inakana, ndinaponda sipanala ndi chidendene, inavomera. Chala chapakati chasupuka, ndilibe nazo ntchito. Wakuda uja anatuluka mpaka kudontha komaliza, fungo lake ndi la malaya awo a ntchito.

Watsopanoyu ndi wabuluu, wamadzimadzi. Wa a Sharifu ndimakumbuka ngati anali wofiirira ngati uchi, koma makampani ndi osiyana, aliyense ndi mtundu wake. Botolo limodzi lakwana. Bawuti ndamanga, ndapukuta. Bisimila, kiki kawiri, yalira! Ndinaisiya mphindi zisanu ikulira yokha. Kuvina sindinavine, ndili pa eda, koma mapewa anagwedezeka okha.

Mkazi ndi injini wapi ndi wapi? Apa, alamu. Pomwe pano.

Ndinalakalaka wina akanaona. Inaona ndi nkhuku.

Lachisanu, 25 Okutobala

Alamu anadzera pano pochokera kumzikiti, ku mapemphero a Juma. Ndinawatulutsira beseni la oyilo wakale pakhonde, ndi chala changa chomanga kansanza. "Mwasintha nokha?" Ndinati ayi, anasintha ndi majini. Anaseka. Anamenya kiki, anamvetsera. "Mwina tinakuderani pachabe, alamu."

Mawu amenewo ndawayembekezera miyezi inayi.

Apempha aibwereke mawa, apite ku Ngala kukatenga matumba awiri a usipa wouma, aone mmene ikukokera pa mtunda wautali. Ndavomera ndi manja awiri. Akabwerako akanene okha pamaso pa banja, ine ndidzangokhala phee.

Masiku khumi ndi anayi. Ndayamba kuganiza za tsiku lotuluka. Ndidzayamba ndi kunyanja, ndikangoponda m'madzi. Kenako pa siteji, kukasankha woyendetsa wosamwa mowa.

Loweruka, 26 Okutobala



Alamu ananyamuka cha m'ma seveni. Ndinamvetsera mpaka phokoso litazimirira cha ku msewu wa Dwangwa. Ndinachapa, ndinasesa. Chimwemwe chopanda womuuza chimalemera, ndiye ndinalembera Atikonda: zikomo mwanawe, njinga ikulira bwino, pano yapita ku Ngala.

Sanalembe. Anaimba.

"Njinga? Amayi, mwathira mu njinga? Ameneyo ndi wosakaniza ndi petulo, wa injini za maboti! Nditamva Nkhotakota ndimayesa ndi wa asodzi. Njinga za kabaza zimafuna 4T. Aimitseni msanga, injini igwira!"

Pomwepo ndinakumbuka. A Sharifu asanagule njinga ankayendetsa boti la a Fakiri, lopita ku usipa. Botolo lija ndi la nthawi imeneyo. Ndinkadziwa ine. Ndinkawachapira malaya onunkha nsomba ndi manja anga omwewa. Zinangotuluka m'mutu, poti ndinaona chala chawo n'kusiya kuganiza.

Foni ya alamu kuitana, kuitana, osayankha. Ili m'thumba, mphepo m'makutu. Kasanu ndi kawiri. Ya Aziza yozima.

Mmene ndinatsegulira geti sindikudziwa. Ndinangozindikira ndili pa tala, wopanda nsapato, mpango wagwera paphewa, ndikukuwira a kabaza pa siteji kuti wina awathamangire, awaimitse. Onse kukamwa yasa. Ogulitsa tomato, okwera minibasi, a m'magolosale, maso onse pa ine. Wamasiye wa a Sharifu pamsewu, tsitsi pamtunda, eda isanathe. Mmodzi anamva, ananyamuka. Mayi Nester anasiya mandasi pamoto, anandifunditsa chitenje chawo, anandibweza atandigwira m'chiuno ngati wodwala.

Unali utadutsa kale ola lathunthu chinyamukire alamu.

Ndili pakhonde. Mapazi atupa ndi tala wotentha. Njinga iliyonse ikamatsika kuchokera kumpoto mtima umaima. Siyo. Yathu ndimaidziwa kulira kwake, imakoka mpweya kaye isanakhote pa golosale. Iyinso siyo.

Lolemba, 28 Okutobala

Njinga inabwera Loweruka masana pa lole ya mchenga, itagonekedwa chammbali, yomanga ndi zingwe. Inagwira asanafike ku Ngala. Wa kabaza uja anawapeza akukankha padzuwa.

Makaniko wati injini yanoka, kukonza kwake ndi kugula ina sizisiyana kwenikweni. Alamu sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Mukanafunsa, alamu." Ndifunse ndani? Ndinafuna kuwayankha choncho, ndinameza. Wolakwa ndine. Ndinaopa kusekedwa, ndapha njinga ya mwamuna wanga ndi manja anga.

Igulitsidwa mmene ililimo. Eni nyumba awauza kale. Pa 9 Novembala ndinyamuka, Salima, Mangochi, Makanjira. Atikonda wati ndibweze botolo lachiwiri andibwezere ndalama, wapepesa katatu pa mlandu wosakhala wake. Sindinamuyankhe.

Za njinga zathera pomwepo, palibenso wozitchula. Za pamsewu ndiye zadzaza mudzi.

Dzulo anabwera amayi asanu ndi atatu a kumzikiti kudzandilangiza, Aziza patsogolo. Mikeka iwiri pabalaza, ena mpaka pakhomo. Ena akuti eda iyambirenso pa chiyambi. Ena akuti ayi, a shehe ananena kuti pa ngozi munthu amatuluka, angopempha chikhululuko. Ena nkhani yawo ndi tsitsi basi, tsitsi, tsitsi, akuti analiona ndi makondakitala omwe. Kukangana mpaka dzuwa kupendeka. Wina anayetsemula, wina anaseka, mwana wa wina anatayira madzi pamkeka. Mawu a anthu m'nyumba muno, koyamba chichokereni maliro.

Ndinawiritsa tiyi kawiri, shuga yense watha. Mutu pansi. Eya amayi, ndamva amayi, sindidzachitanso amayi. Mmodzi wachikulire pondidzudzula anandigwira bondo, dzanja lake linakhala pomwepo nthawi yaitali. Zimene ankanena sindinamve.

Atayamba kukonza mipango kuti azipita, mtima unandithawa. Mulungu andikhululukire, ndinafunsa dala, ndi nkhope yofatsa, ngati kutuluka wopanda nsapato kuli ndi mlandu wakewake.

Anakhalanso pansi.